Wakuba Anasesa M'dzenje

Mphekesera inayambira pa mpope wa madzi, ndipo pofika masana mudzi wonse wa Jiydali unali ukunong'onezana kuti a Ergash agulitsa munthu wakufa. Ena amati anagulitsa mafupa okha kwa alendo akunja. Ena amati ayi, mafupawo anali ndi zibangili zagolide mpaka m'zigongono. Mkazi wa wometa tsitsi, yemwe sanapondeko n'komwe kumabwinjako, amalumbira kuti wakufayo anali ndi mano agolide okhaokha kuposa akewo. Anthu a kwathu kuno akapeza nkhani, samayisiya yowonda.

Zoona zake zinali izi. A Ergash anali mlonda wa kumabwinja, kumtunda kuja komwe ofukula zakale a ku Tashkent akhala akukumba chithere chisanu. Anthuwo anapeza mafupa a mayi wina pansi pa khoma lomwe linagwa kalekale. Lolemba m'mawa atavundukula lona, mafupa kulibe. Lolemba lomwelo a Ergash anagona m'chitokosi.

Ndiye pali ichi. Lachisanu la sabata yomweyo akuchimuna amayenera kubwera kudzanyema mkate wa Barno, mwana yekhayo wa a Ergash. Mkate ukanyemedwa pamaso pa akuluakulu, basi, mtsikana wapeza banja. Koma a Mastura, mayi ake a Davron mnyamata wakeyo, anali atatumiza kale mawu oti iwo sangakanyeme mkate m'nyumba ya mbava.

Mawuwo anafikira kwa a Holida, chemwali wawo wamkulu wa a Ergash, omwe analera Barno chimwalirire mayi ake. A Holida amasoka zofunda, ndipo za ukwati wa Barno anali ataziunjika kale mpaka kudenga. Atamva uthengawo anayang'ana muluwo, anayang'ana Barno yemwe amasita diresi lomwelomwelo misozi ili chuchuchu, kenako anamanga mpango kumutu.

"Leka kulira, uwotcha diresilo," anatero. "Ndikubwera."

Kumabwinja anapeza Kahramon, wapolisi wa m'mudzi mwathu, ataima pamphepete pa dzenje akuswa nthangala za mpendadzuwa ndi mano.

"Mayi, pano saloledwa munthu."

"Iwe Kahramon, zofunda zomwe umagonera ndi mkazi wako ndinasoka ndine. Tapatuka."

Anapatuka. M'dzenjemo munali a Sayyora, mkulu wa ofukulawo, mayi wowonda wovala buluku ndi chipewa chachimuna. Anali atagwada, nkhope ili gwa ngati munthu woti wangotuluka kumene ku maliro omwe sanadyeko kanthu.

"Mukalavuliranso makoko amenewo muno, bambo, ndikuyezani inuyo m'malo mwa mafupa," anatero osayang'ana n'komwe kumwamba. Kenako anaona a Holida. "Inunso mwabwera kudzafunsa za golide?"

"Ndabwera kudzafunsa za mlongo wanga. Mafupa a munthu woti anafa agogo a agogo athu asanabadwe, mukumutsekera nawo munthu wamoyo chifukwa chiyani?"

A Sayyora anapumira m'mwamba, n'kuloza ndi kabulashi komwe kanali m'manja.

"Tsikani muone. Njerwa izi zonse zagona mbali imodzi, mizeremizere ngati anthu pa swala mu mzikiti. Khoma ili, ilo, ndi lija lakumapeto, onse anagwera kumodzi. Nkhondo sichita zimenezo, asilikali amagwetsa paliponse pomwe afikira. Ndiye taonani pansi apa. Apa panali pakhomo posalala, koma pang'ambika pakati, mbali iyi yakwera mpaka kufika m'bondo. Chimenecho ndi chivomerezi, chachikulunso."

"Nanga mafupa akubweramo bwanji?"

"Mayiyo anafa tsiku lomwelo, khoma linamugwera. Fupa tikaliyeza limanena zaka. M'munsi mwakemo muli ming'alu ya chivomerezi china chakale koposa, chimenecho zaka zake tikuzidziwa. Tikadziwa zonse ziwiri, tidziwa kuti nthaka ino imapuma nthawi yaitali bwanji isanadzukenso. Mudzi wanu wakhala pamwamba pa ming'alu imeneyi penipeni."

"Zoti kuno kumagwedezeka tikudziwa kale. Makapu amalira m'kabati."

"Makapu," anatero a Sayyora, n'kutseka maso kanthawi.

A Holida anatsika makwerero akudandaula za mawondo. Pomwe panali mafupa panali poyera bwino, mwinanso kuposa pabwalo la anthu ena omwe sindiwatchula. Mizere ya tsache imaoneka, yopita mbali imodzi, ndipo dothi linali ndi timadontho touma ta madzi owaza. Pakona panali kamulu ka phulusa. Pamwamba pa njerwa ina panali ndolo ziwiri zamkuwa, zobiriwira ndi ukalamba, zitaikidwa moyandikana.

"Izi n'zake?"

"N'zake," anatero a Sayyora. "Koma kusesako ndi komwe kwandipha. Pambali pake panali makala, panali nthangala za mphesa, zimenezonso zikanatiuza zaka. Wasesera zonse pamodzi ndi fumbi la dzulo. Akanangoba n'kuthawa ngati mbava yaulemu, bwenzi ndili ndi pogwira."

"Mbavayo inadzidzimuka, n'chifukwa chake inaiwala ndolo," anatero Kahramon ali pamwamba paja. "Zimachitika."

"Inadzidzimuka koma inapeza nthawi yowaza madzi kuti fumbi lisabuke?" anafunsa a Holida. "Iwe unamuonapo Ergash atagwira tsache? Munthu uja akadya mavwende makoko amakankhira pansi pa mphasa."

"Mlonda ndi iyeyo, mayi. Katundu ndi wa boma. Mafupa akapanda kupezeka, Lachinayi ndikumutumiza ku tauni, akayankhe komweko."

A Holida anawerama. Anatapa phulusa lija n'kununkhiza. Linali la isiriki, therere lomwe timafukiza pothamangitsa zoipa. Ndipo pa msomali wa makwerero panakola ulusi woyera, wa nsalu yoti sinachapidwepo.

Chitokosi cha kwathu ndi kachipinda kuseri kwa ofesi ya Kahramon, komwe nthawi zina amasungamo anyezi wake. A Ergash anali atakhala pa thumba, ndipo mkate womwe a Holida anawabweretsera anaulandira ngati ali pa tchuthi.

"Lolemba m'bandakucha unali kuti?"

"Ndinagona, achemwali."

"Iwe? Chibadwire umadzuka tambala asanaganize n'komwe zolira. Amayi ankakumenyera zimenezi. Ngakhale shehe amadzutsidwa ndi iwe."

"Tsiku limenelo ndinagona."

Amatero akukanda khutu. A Ergash akamanama amakanda khutu, izi ngakhale nkhosa zawo zimadziwa.

"Ergash, m'dzenje muja mwasesedwa. Mwafukizidwa isiriki. Munalowa munthu wamkazi, ndipo iwe unamuona."

"Zisiyeni. Ndikhala muno masiku angapo, anthu aiwala. Mafupa si ng'ombe."

"Akukutumiza ku tauni. A Mastura akana mkate. Mwana wako maso atupa ngati wolumidwa ndi njuchi, iwe uli pano kudya ngati mlendo."

"A Mastura apsa mtima lero, mawa aziziritsa. Koma ndikangotsegula pakamwa pangapa, ndiye mkatewo sudzanyemedwanso mpaka kale."

Atangotero anadzitseka pakamwa ndi chidutswa cha mkate, n'kuyamba kutafuna mwamphamvu akuyang'ana khoma. A Holida anawafunsa mobwereza, anawatukwanako pang'ono, anatchula ngakhale malemu bambo awo, koma a Ergash anangoti tiyi wa muno ndi wozizira.

Nsalu yoyera m'mudzi muno amagulitsa ndi munthu m'modzi, a Normat, ndipo a Normat pakamwa pawo sipatsekeka ngakhale akuyasamula.

"Mayi Holida, duwa la mudzi uno, lowani, lowani. Mwabwerera veleveti uja? Ndinakusungirani, mkazi wa wometa tsitsi anamulirira koma ndinati ayi. Pepanitu ndi za achimwene. Ine ndinawauza anthu kuti golideyo mwina anangomusunga."

"Kulibe golide. Nsalu yoyera mwagulitsa kwa ndani posachedwapa?"

"Aa, za makasitomala ine sindinena. Sitolo ili ngati chipatala. Komabe poti ndinu, ndi agogo Tojiniso, Loweruka. Anati ndiwadulire zidutswa zisanu."

"Zisanu."

"Eya, sanda ya munthu wamkazi. Mwamuna timamukulunga zitatu, inu akazi ngakhale pomwalira mumafuna zovala zambiri. Ndiye ine ndinadabwa, chifukwa kuno sikunamveke maliro a mayi aliyense. Ndinati mwina akudzikonzera yawo, nanga zaka zija. Ndinati agogo musafulumire, tikukufunanibe. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati yanga ndinagula iwe usanamere mano, dula nsaluyo usiye kulongolola."

A Holida anakhala pa mpukutu wa nsalu osapemphedwa. Agogo Tojiniso ndi omwe amasambitsa maliro a amayi onse m'mudzi muno. Komanso ndi apongozi awo a a Mastura, agogo ake enieni a Davron, ndipo amakhala nawo mpanda umodzi.

"Mwatuwatu, ndikupatseni madzi?" anafunsa a Normat, maso akuwala ndi njala ya nkhani.

"Mukauza munthu kuti ndinafunsa, veleveti wanuyo ndikagula ku tauni mpaka kufa."

Ali panjira anaganiza. Agogo aja akamakwera khonde la nyumba yawo amagwira munthu paphewa. Makwerero a m'dzenje muja sakanatsika okha, ndipo manda sakanakumba okha. Panali wina wamphamvu.

Njira yochokera kumabwinja kupita kumanda imadutsa pa geti lobiriwira, ndipo pa geti limenelo pali mtengwa watsopano, Shohista, wochokera kutsidya kwa mtsinje. Mtengwa aliyense amadzuka kusanache n'kusesa msewu wa pakhomo kuti anthu aone kuti banja lapeza munthu wakhama. Ndiye ngati pali yemwe amaona zodutsa m'bandakucha, ndi mtengwa. Kahramon zimenezi sakanaziganiza, iye nthawi imeneyo amakhala akuliza mkonono.

Shohista atangoona a Holida anagwira nsonga za mpango wake n'kuwerama pang'onopang'ono mpaka m'chiuno.

"Ukalambe ndi mwamuna wako, mwanawe. Tadzuka, ndikufunse. Lolemba m'mamawa panadutsa ndani apa?"

"Panadutsa anthu ndithu, azakhali," anatero monong'ona, akuyang'ana cha ku zenera la apongozi ake. "Ndi ngolo ya bulu."

"Ndani?"

"Nkhope sindinaone."

"Unali ndi tsache m'manja, anthu akudutsa pamphuno pako, nkhope osaona?"

"Nanga ndimaona nkhope ine, azakhali? Aliyense akamadutsa ndimayenera kuwerama mpaka apitirire. Apongozi amasuzumira. Chibwerereni m'mudzi muno anthu ndimawadziwa ndi mapazi. Inuyo ndakudziwani chifukwa cha chala chotupacho."

A Holida anabisa phazi kuseri kwa linzake. "Chabwino. Mapaziwo anali otani?"

Apa Shohista anamasuka, chifukwa nayenso nkhani amazikonda, kungoti alibe womuuza.

"Pangolo panalendewera timapazi ting'onoting'ono, nsapato zamphira zija za agogo, ndi masokosi aubweya ofiira. Wokoka bulu anavala nsapato zoyera zamasewera, zoyera mbee, ndipo amadumpha matope ngati mphaka. Ndinadzifunsa kuti munthu wanzeru angavale zimenezi pokoka bulu?"

M'mudzi wonse wa Jiydali nsapato zoyera mbee ali nazo ndi mnyamata m'modzi, ndipo amazipukuta ndi mswachi. A Holida anamva kutentha kumaso.

"Basi, anali awiri?"

"Atatu. Wachitatu amabwera pambuyo, akukoka fosholo. Jombo zakuda zakale, yakumanzere yomangidwa ndi waya."

A Holida anaima chilili. Jombo imeneyo anali atayiponya okha kudzala kawiri konse, ndipo kawiri konse mwini wake anakayitola.

"Azakhali, mwatani?"

"Palibe. Ndikungoganiza kuti ndikamutulutsa m'chitokosi muja ndimupha ndekha."

A Mastura anawalandirira pansi pa mphesa, pa nsanja yokhalapo, nkhope itakwinyika ngati adya chinthu chowawasa. Tiyi anathira ndithu, koma anadzaza kapu mpaka m'milomo, ndipo mukudziwa tanthauzo lake, imwa uzipita.

"Mayi Holida, ine ndilibe nanu chifukwa. Barno ndi mwana wabwino, amaphika, amapereka moni. Koma banja lathu lili ndi dzina. Apongozi anga ndi munthu woti mudzi wonse umawaimirira. Ndiye mdzukulu wawo akatenge mwana wa munthu wogulitsa mitembo? Anthu adzati chiyani?"

"N'zoona, dzina ndi lofunika," anatero a Holida. Anali akuyang'ana pa khoma, pomwe nsapato zoyera zinali zitayanikidwa, malilime ali panja. "Davron alipo?"

Davron anatuluka m'khola, dzanja pachifuwa, moni wake waulemu kwambiri. Ndi mnyamata wooneka bwino, zimenezo palibe angatsutse, atsikana a kusukulu amadutsa dala pa geti pawo.

"Nsapato wachapa bwanji pakati pa sabata, mwanawe?"

"Zinada, azakhali."

"Zinada kuti? Dothi lofiira lomwe latsalira kunsi kwakeko, m'mudzi muno limapezeka malo amodzi okha. Ndipo sikupita anthu okayenda."

Davron anayang'ana mayi ake, anayang'ana geti, kenako anayang'ana pansi.

"Mukumufunsa ngati wapolisi bwanji mwana wanga pakhomo panga?" anatero a Mastura.

"Ndikufuna andiuze ngati bulu anavuta pokwera kumanda."

Chitseko cha kanyumba kakumbali chinatseguka. Agogo Tojiniso anatuluka akutsamira ndodo, masokosi ofiira ali kumapazi, mpango woyera kumutu. Chibwerere ku ulendo uja mawondo anali atawagoneka, sanatulukeko kunja kwa mpanda.

"Bulu sanavute," anatero. "Anavuta ndi uyu, amaopa kugwira mutu. Holida, wabwera ndi phokoso lanji?"

"Agogo, mafupa a kumabwinja munatenga ndinu?"

"Sindinatenge. Ndinaika maliro."

A Mastura anatayira tiyi pa diresi.

Agogowo anakhala pansi mosafulumira, n'kuyala manja pa ndodo. "Ndinamva kuti apeza mayi, ndiye ndinapita kukaona. Ndinamupeza atagona chammbali, manja ataphimba kumutu, chiuno chili pamtunda. Anyamata atamuzungulira, wina akumujambula, wina akumupukuta m'nthiti ndi kabulashi, akuseka za mpira. Dzuwa linalowa ali pomwepo. Linatuluka ali pomwepo. Ine ndasambitsa amayi a mudzi uno onse, olemera ndi osauka, palibe yemwe ndinamusiya pamtunda. Ndiye uyu ndimusiye chifukwa anachedwa kupezeka?"

"Mwina sanali Msilamu n'komwe, amayi," anatero a Mastura ndi mawu ang'onoang'ono.

"Sindinamufunse. Ndolo zake ndinavula n'kusiya pomwepo, kumanda sapita nazo. Ndinasesa, ndinafukiza. Ergash anakumba bwino, mlongo wako ali ndi dzanja. Poyamba amakana, amati ntchito imuthera, ndiye ndinamufunsa kuti mkazi wake anamusambitsa ndani."

"Nanga mwakhala chete bwanji, iye ali m'chitokosi?"

"Ndani ali m'chitokosi?"

A Holida ndi omwe anayankha.

"Ergash. Chiyambire Lolemba. Mawa akumutumiza ku tauni. Mudzi wonse ukuti anagulitsa mtembo, ndipo apongozi anuwa akana kudzanyema mkate."

Agogo Tojiniso anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mdzukulu wawo.

"Iwe umandibweretsera tiyi m'mawa ndi madzulo. Ndimakufunsa kuti kunja kuli nkhani yanji. Umati chiyani?"

"Ndimati kulibe, agogo."

"Chifukwa?"

"Bambo Ergash anandiuza okha," anatero Davron mofulumira. "Pomwe Kahramon amawatenga anandinong'oneza kuti ndisanene kanthu. Anati zikadziwika kuti ndi agogo, banja lathu lichita manyazi, ukwati utha. Ine ndinangomvera akuluakulu."

"Unamvera," anatero a Holida. "Mayi ako akumutchula munthuyo mbava pa chakudya, iwe ukumeza mpunga, ukumvera."

"Ndikanatani, azakhali? Ndikanena, andimanga ine."

A Mastura anali atayamba kale kukhuthula kapu ya a Holida n'kuthiramo tiyi watsopano, pang'ono pokha pansi, mwaulemu wonse.

"Ine mumtima ndimadziwa kuti asewere athu ndi munthu wa Mulungu," anatero. "Ndimangodikira kuti zioneke."

A Holida anayang'ana kumwamba, kumphesa, n'kupempha kuleza mtima.

Madzulo omwewo agogo Tojiniso anakwera ngolo ija n'kukatsikira pa ofesi ya Kahramon, theka la mudzi likutsatira pambuyo ngati kuli ukwati. Anatambasula manja awo owonda patebulo.

"Manga."

Kahramon anatuluka thukuta. Mayi ake omubereka anasambitsidwa ndi manja omwewo. Anasuntha mapepala, anatsokomola, anati nkhaniyi ndi yofunika kuiona bwino, kenako anapita kuseri n'kukatsegulira a Ergash.

A Sayyora anafika akuthamanga, fumbi lili m'tsitsi. Atamva zonse anakhala pa benchi n'kugwira mutu.

"Agogo, sindikufuna kumutulutsa yense. Dzino limodzi lokha. Dzino limodzi lindiuza chaka chomwe nthaka inang'ambika."

"Lako ungapereke?"

"Lero lomwe. Bweretsani chozulira."

Zimaoneka kuti agogowo yankholo alikonda. Koma anati manda akatsekedwa satsegulidwa, akafunse shehe. Shehe anati akafunse akuluakulu a ku tauni. Mpaka pano a Sayyora amapita kwa agogowo ndi maswiti, amamwa tiyi, amajambula makoma ogwa pa nsalu ya patebulo ndi chala, ndipo agogo amangoti ubwerenso mawa.

Lachisanu akuchimuna anabwera monga anapangana, a Mastura patsogolo, kumwetulira mpaka m'makutu. Mikate iwiri inali pa nsalu yoyala, umodzi pamwamba pa unzake. Mkulu woti anyeme anali atasamba m'manja. A Ergash anavala mkanjo watsopano, atakhala mowongoka ngati munthu yemwe wapambana mlandu ndi nzeru zake.

Kunangotsala kuti azakhali akafunse mtsikana. Zimenezi ndi mwambo chabe, mtsikana amayang'ana pansi, amakhala chete, ndipo azakhali amabwerera n'kunena kuti wavomera. A Holida analowa kuchipinda akupukuta manja, mtima uli m'malo koyamba sabata yonseyo.

Barno anali atakhala pafupi ndi mulu wa zofunda, atavala diresi lija. Sanayang'ane pansi.

"Ayi, azakhali."

"Ayi chiyani?"

"Asanyeme."

A Holida anatseka chitseko ndi msana. "Iwe mwana, mapazi angawa atupa chifukwa cha mkate umenewu. Ndanunkhiza phulusa, ndatsika m'dzenje, ndanyozedwa chala ndi mtengwa wa dzana. Ukuti chiyani?"

"Lachiwiri ndinapita kukatunga madzi. Amayi onse pa mpope anasiya kulankhula nditafika. Ndinalira pomwepo. Davron anabwera, anandipatsa kampango kake, n'kundiuza kuti ndilimbe mtima, choonadi chidziwika." Barno anasalaza diresi lake pamiyendo. "Choonadicho chinali m'kamwa mwake, azakhali. Anandiyang'ana m'maso."

"Bambo ako ndi omwe anamuuza kuti akhale chete."

"Ndamva. Bambo anakhala chete ali m'chitokosi. Iye anakhala chete ali kunyumba."

A Holida anatsegula chitseko. Anatuluka n'kukodola mlongo wawo kuti abwere m'khonde. A Ergash atamva, anagwira ndevu zawo.

"Ine ndagona pa simenti ndi anyezi chifukwa cha ukwati umenewu. Mnyamata uja anachita zomwe ndinamuuza. Kumvera kwasanduka mlandu liti?"

"Kamuuze wekha mwana wako."

"Kamuuzeni inu, achemwali, amakumverani."

"Lero samvera munthu. Watengera iwe."

Anakangana monong'ona mpaka alendo anayamba kutsokomola m'nyumba. Pamapeto pake a Holida analowa, anagwada pa nsalu paja, anakulunga mikate ija yonse iwiri yathunthu n'kuyiika pamiyendo pa a Mastura. Davron anali panja pa geti, ndipo ataona mayi ake akutuluka ndi phukusi lomwe analowa nalo, sanafunse kanthu.

Mudzi wagawikana pawiri. Amayi a pa mpope akuti Barno wataya mnyamata wabwino chifukwa cha mtima wapachala, poti mwana womvera akuluakulu masiku ano ndi wosowa. Atsikana akuti wachita bwino, koma amanena motsitsa mawu. A Holida safuna n'komwe kuyimva nkhaniyi, akuti aliyense m'banja mwawo ndi wamisala ndipo zofundazo azigulitsa. Nanga inu, mnyamata atakupukutani misozi ndi kampango kake akudziwa bwinobwino chomwe chikukulizani, mukanalola kuti mkate unyemedwe?